Mauthenga a kwa Salha

Rakele anaika lamulo m'nyumba mwake ku Msumba: mwana wake Mércia azigwira telefoni akaweruka kusukulu basi, dzuwa likapendeka aziibweza. Kwa amayi anzake a kutchalitchi ankati akuopa zonyansa za pa intaneti, ndipo sankanama.

Telefoniyo anagula ndi Germano, bambo ake a Mércia, amene anamusiya Rakele n'kukakwatira Salha ku Lichinga. Masana alionse mtsikanayo ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kumaseka yekha. Rakele ankamva kusekako akuyanika usipa pathandala, mtima n'kumamuwawa. Akakhala ndi iye, mwanayo sankaseka choncho.

Loweruka lina, Mércia atapita kukachapa kunyanja, Rakele anatsegula telefoni ija. Ankaganiza kuti apezamo mnyamata, koma anapeza mauthenga a mawu ambirimbiri a Salha. Ena anali omuthandiza Chipwitikizi pokonzekera mayeso, ena a kalukidwe ka tsitsi. Mu uthenga wa mwezi wathawo wopita kwa Salha, Mércia ankanong'ona kuti wakula, ndipo sakudziwa chochita.

Rakele anakhala pansi. Nkhani imeneyo Mércia anadzamuuza iye patatha masiku atatu chitumizireni uthengawo.

Mércia atabwera anapeza telefoni ili m'manja mwa amayi ake.

"Kuyambira lero za intaneti zatha," anatero Rakele.

"Ndalakwanji, amayi?"

"Anakubereka ndi Salha iwe? Nkhani ngati imeneyi n'kuyamba kuuza mkazi wa bambo ako?"

Mércia anayang'ana pansi. "Ndinkaopa kuti mundikalipira. Iwowo ndi amene anati ndikuuzeni."

"Ndiye kuti kwa ine unabwera chifukwa wakutuma ndi iye?"

"Inde, amayi."

Yankho limenelo linamupweteka Rakele koposa zonse. Anaitsekera telefoniyo m'sutikesi masabata awiri. Mércia sanapemphe kuti amubwezere. Mayeso a Chipwitikizi sanakhoze.

Rakele ataona pepala la mayesolo anaitulutsa telefoni.

"Uzilankhula ndi Salhayo ine ndili pompo," anatero.

Tsiku lomwelo Salha anaimba pa vidiyo. Anali wamng'ono kuposa mmene Rakele ankaganizira, wa khungu losalala, ndipo kumbuyo kwake kunkaoneka makatani oyera.

"Moni amayi a Mércia, muli bwanji?" anatero Salha mwaulemu. "Mwana wanuyu munamulera bwino."

"Tili bwino," anayankha Rakele, uku akubisa manja ake okhakhala m'chitenje. Anaima pomwepo mpaka awiriwo anamaliza kucheza.