Filimu ya Che Faransa

Loko wa bokosi lachitsulo anakana kiyi, mpaka a Joachim anachita kumuswa ndi mwala. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Che Mahamudu. Sadaka inali itadyedwa, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri ya m'komboni ya ku Samanga munatsala abale okha kuti aone zimene malemu anasiya. A Joachim sanali m'bale, sanalinso Msilamu, koma iwo ndi malemu anathyola tiyi mzere umodzi kwa zaka makumi awiri, ndiye panalibe wowauza kuti atuluke.

Daudi, mwana wamwamuna yekhayo wa malemu, anaima pakhomo manja ali m'thumba. Anali folomani ku fakitale ya tiyi, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, ndipo ankangofuna kuti zimenezi zithe msanga.

M'bokosimo munatuluka mkanjo woyera, zikofiya ziwiri, jekete la ulonda ndi chitupa chakale cha ku Nyasalande. Pansi penipeni panali chitini chobulungira, chophwatalala ngati chiwaya, chokulungidwa m'thumba la feteleza. A Joachim atachitsegula, nyumba yonse inanunkha viniga.

"Ndi imeneyo," anatero Abiti Saidi, mayi ake a Daudi, osadabwa n'komwe. "Filimu ya bambo ako."

Daudi anatulutsa manja m'thumba.

Ku chigwa chonse cha Honde, kwa Ashona kuno, dzina loti Mahamudu linkadziwika ku mzikiti kokha. Kwina konse anali Che Faransa, ndipo silinali dzina laulemu. Iwo ankasimba kuti ali mnyamata anachoka ku Mangochi n'kukapeza ntchito yophika ku doko la ku Beira. Kumeneko, mu 1961, kunafika sitima yaing'ono ya Afalansa. Mwini wake, Lusiyeni, akuti anali katswiri wa mafilimu kwawoko, koma anatopa ndi kupsompsona akazi a eni pa kanema, nagulitsa nyumba n'kuyamba kujambula nsomba pansi pa nyanja. Che Mahamudu anamuphikira zaka ziwiri. Mpaka pamenepo anthu ankamvetsera. Koma akafika poti nawonso ankamira ndi botolo la mpweya kumsana, makina ojambulira ali m'manja, anthu ankayamba kugwedezana ndi zigongono. Kwa munthu amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi mtsinje wa Pungwe, nkhani yotereyi ndi yosekera basi.

"Che Faransa, nsomba ija inali ngati basi kapena ngati thirakitala?" ankatero anthu pa mzere wokayezetsa masamba a tiyi. Iwo ankayankha moona mtima, ndipo n'zimene zinkaseketsa kwambiri.

Daudi anakula akutchedwa mwana wa Che Faransa, ndipo dzinalo linkamuyabwa ngati chitedze. Tsiku limene anapita ku Mandeya kukapereka roora, malowolo a mkazi wake Muchaneta, mu 1982, bambo ake anaiyambanso nkhaniyo pamaso pa apongozi. Daudi anaona alamu ake akubisa kukamwa. Ndiye analankhula m'Chishona, mokweza, kuti aliyense amve: "Musawamvere akuluwa, n'zongopeka. Nyanja anaionera pa kalendala."

Che Mahamudu anasiya mawu ali pakati. Anakonza chikofiya chawo n'kupempha madzi akumwa. Kuyambira tsiku limenelo, zaka khumi ndi chimodzi, sanatchulenso nyanja pamaso pa munthu.

"Ngati inalipo filimuyi, bwanji sanaionetse?" anafunsa Daudi tsopano, mawu akutuluka mouma.

"Akanaionetsera pa chiyani, pa lichero?" anatero mayi ake. "Anapita kamodzi ku holo ya esiteti kukapempha makina. Anawauza kuti pamafunika kalata ya folomani. Folomani wake unali iwe. Anangobwerera."

A Joachim anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zawo.

"Ndikufuna ionetsedwe ku holo," anapitiriza Abiti Saidi. "Komboni yonse ibwere."

"Amai, tikadali pa maliro. Shehe adzati chiyani?"

"Shehe ankaseka nawo. Abwere adzakhale kutsogolo."

Daudi ankaopa, ndipo ankadziwa bwino chimene ankaopa. Filimuyo ikapanda kuonetsa kanthu, bambo ake akanatsimikizika kuti anali abodza, manda awo asanaume n'komwe. Ikaonetsa zimene ankanena, ndiye kuti iye ananyoza bambo ake pamaso pa alendo popanda chifukwa. Uku moto, uku moto. Koma m'katikati mwa mtima wake, pamalo amene sankafuna kuyang'anapo, ankalakalaka kuti m'chitinimo musakhale kanthu.

Mawa lake anatengera chitinicho kwa Chamunorwa, amene ankayang'anira holo ya esiteti ndi kuonetsa mafilimu a za kulera ndi za kolera. Chamunorwa ananunkhiza, nakwinya mphuno, n'kuvundukula kachidutswa ka filimuyo moyang'anitsa ku zenera.

"Mudhara, iyi yaora," anatero mosakaniza ndi Chishona. "Yauma ngati chikopa cha mbuzi. Mano a makina akaigwira, ingadutse kamodzi. Kachiwiri handivimbisi, sindikulonjezani."

"Ndiye tiyambe taionera awiriwiri, tione zili m'menemo."

"Mukaonera inu, amai anu adzaonera chiyani?"

Daudi anasaina kalata yobwerekera makina, kalata yomweyo ya mizere itatu imene bambo ake analephera kumupempha.

Lamlungu masana holo inadzaza. Anapachika mabulangete m'mazenera, ndipo m'katimo munkatentha ndi kununkha thukuta ndi nthochi zowotcha. Abiti Saidi anakhala kutsogolo atafunda nsalu yawo ya maliro, Shehe ali chapafupi. Pa benchi lachiwiri panali apongozi ake a Daudi, amene anachita kukwera basi kuchokera ku Mandeya. Daudi anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Makina anayamba kulira. Filimuyo inalibe mawu. Pa khoma panaoneka mizeremizere, kenako madzi, madzi okhaokha mpaka kumene maso athera, ndipo ana anasiya kukankhana. Panabwera sitima yoyera. Panabwera mzungu wamtali wosavala malaya, akupesa tsitsi n'kumamwetulira kamera ngati waona chibwenzi chake.

"Ndiye Lusiyeni ameneyu," anatero mayi wina. "Koma analidi mwamuna." Akazi anzake anamupsinja.

Kenako panaoneka mnyamata wakuda, woonda, wa kabudula wong'ambika, atakhala pa chidebe akusenda mbatata. Daudi anazindikira makutu aja, anali ngati ake omwe. Mnyamatayo anatsuka mapoto. Anakolopa pansi. Ndiyeno chithunzi chinasintha: mnyamata uja ali m'madzi olekeza m'chiuno, wabereka Lusiyeni kumsana kuti nsapato zake zoyera zisanyowe, mzunguyo akukupiza chipewa ndi kumukankha ndi zidendene ngati wakwera bulu.

Holo inaphulika ndi phwete.

"Kumira kwake kunali kumeneku?" anakuwa wina mumdimamo. "Bulu wa Mfalansa!"

Daudi anaona mapewa a apongozi ake akugwedezeka. Manyazi omwewo a ku Mandeya anamugwiranso, ndipo anachita zimene munthu wamanyazi amachita: anatsegula chitseko pang'ono n'kutuluka.

Anatsetsereka pakati pa mizere ya tiyi mpaka ku thanki ya madzi, kumene phokoso la ku holo silinkamveka. Anakhala pa paipi. Ndinalondola, anadziuza. Anali wophika, wantchito wonyamula mzungu kumsana, zina zonsezo anangowonjezera. Anabwereza mawuwo kangapo kuti amukomere, koma sanakome. Anakhala pamenepo kwa theka la ola akuthothola nsonga za tiyi n'kumazitaya.

Atabwerera anapeza anthu akutuluka. Anadikira kuti wina amuponyere nthabwala, koma panalibe woseka. Ankayenda pang'onopang'ono ngati akuchokera kumanda. Mkulu wina amene kwa zaka zonsezi ankatsogolera nkhani ya nsomba ndi thirakitala anabwera n'kumupatsa moni ndi manja awiri. Apongozi ake anamuombera m'manja mwaulemu, mutu uli pansi.

A Joachim anamugwira pamkono. Maso awo anali ofiira.

"Unali kuti, mwana iwe?"

"Ndinapita kukapuma mphepo. Chachitika n'chiyani?"

"Wosaona?" Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamusiya mkono. "Amigo wanga, bambo ako aja, analibe mwayi ndi iwe."

Daudi anathamangira m'holo. Chamunorwa anali atagwada pansi akutolera tizidutswa takuda n'kumatiika m'chivindikiro cha chitini.

"Bwezera," anatero Daudi. "Bwezera kumapetoko kokha."

"Ndibwezere chiyani, mudhara? Imati ikangodutsa pa getsi, mano n'kuitafuna. Ndimachita kuikankha ndi chala kuti ifike kumapeto. Yapera, yatha."

Daudi anatola kachidutswa kamodzi n'kukayang'anitsa ku kuwala kwa pakhomo. Munali mdima wobiriwira ndi kadontho koyera, basi. Madzi akatayika saoleka. Anthu mazana awiri anaona bambo ake, ngakhale amene ankawatcha bulu, ndipo iye yekha ndiye sanawaone.

Anakafika kunyumba dzuwa likupendekera ku mapiri a Nyanga. Mayi ake anali pamkeka pakhonde akusankha mpunga. Sanatukule mutu. Daudi anaima kaye, kenako anavula nsapato n'kukhala pansi pa dothi, chapafupi ndi mapazi awo, buluku lake la ku ofesi lili momwemo.

"Amai."

Mayi ake anataya kamwala kunja.

"Amai, ndinatuluka. Anthu atayamba kuseka ndinachita manyazi, ndinatuluka."

"Ndinamva chitseko."

"Ndiuzeni zimene munaona."

"Zongopeka," anatero Abiti Saidi. "Ine ndi nkhalamba. Nyanja ndinaionera pa khoma."

Daudi anawerama. Mawu ake omwe anamupeza, ndipo analibe pothawira. Misozi inagwera pa dothi pakati pa mawondo ake, osaipukuta.

"Ndinawalakwira, amai. Ndinawatseka pakamwa mpaka kumanda. Chonde ndiuzeni. Chilichonse chimene munene ndikhulupirira."

Anamusiya kaye kuti alire. Atamaliza kusankha mpunga anaika lichero pambali n'kupukuta manja pa nsalu.

"Mzungu uja anawamangirira yekha bambo ako botolo kumsana," anayamba. "Anawapatsa chimakina chachikulu ngati mtsuko. Bambo ako anadziponya chagada m'madzi. Kenako tonse tinali pansi pa nyanja. Nsomba, Daudi. Zamizeremizere, zachikasu, zina zazikulu kuposa chitseko ichi. Mzunguyo ankasambira kutsogolo, tikumuona thupi lonse. Ndiye Shehe anafunsa mokweza kuti, 'Nanga wagwira makinayu ndani?' Kuseka kunathera pomwepo."

"Kenako?"

"Kenako anapeza kamba wa m'nyanja, wamkulu, atakodwa m'chingwe cha ukonde wakale. Ankaphiriphitha, mphamvu zitamuthera. Mzunguyo anayamba kuloza ndi chala kuti jambula, jambula. Anakondwa, anali atapeza chithunzi chabwino. Tinangoona zonse zapendekeka, mchenga uli m'mbali. Bambo ako anali atawaika pansi makina a eni ake, akadali kuzungulira."

Abiti Saidi anakonza nsalu yawo n'kupitiriza.

"Ndi pamene tinawaona. Analowa m'chithunzimo okha, miyendo yoonda ija. Mzungu akukalipa ndi manja, iwo osamuyang'ana. Anatulutsa kampeni n'kuyamba kudula chingwe, chimodzichimodzi, osafulumira, kuopa kumucheka. N'chifukwa chake Mfalansayo anawapatsa filimuyi. Kwa iye inali yowonongeka."

"Kamba uja anapulumuka?"

"Poyamba anangokhala, osadziwa kuti wamasuka. Ndiye bambo ako anachita chonchi."

Abiti Saidi anatukula dzanja lawo lamanja, lokwinyika, la zikhadabo zodetsedwa ndi tiyi. Anatambasula chikhatho n'kukankha mpweya pang'onopang'ono, mofatsa, monga mmene munthu amakankhira mwana pamsana tsiku loyamba kupita kusukulu. Dzanjalo linakhala kaye m'malere, kenako linatsikira pa bondo.

Daudi analiyang'anitsitsa.

"Chitaninso, amai," anatero chapansipansi.

Mayi ake anatukulanso dzanja.