Dzanja la Waya la Ba Mukupa

"Bokosi iyi ipita na ine ku Kitwe," anatero Ba Chisala, phazi lili pabokosi la zipangizo za malemu mkulu wawo. "Vinthu va mwamuna vibwelela ku banja yake. Si mwamene, mulamu?"

Mayi a Ennie anakhala pamphasa pakhomo la nyumba yawo ku komboni ya George, akukanda ulusi wa chitenje. Panali patapita masiku atatu chiikireni Ba Mukupa m'manda. Njinga ndi wailesi zinali zitamangidwa kale.

Ennie anaima pakhoma, maso pansi. Ankaphunzira pakoleji ya zaluso m'tauni, kupanga kanema wa zidole: kuimika chidole, kujambula chithunzi chimodzi, kusuntha mkono pang'ono, kujambulanso, mpaka filimu ikazungulira chidolecho chioneke chikuyenda chokha. Za anzake zinkagwa kapena kuthyoka mikono. Zake zinkaima, chifukwa bambo ake, Ba Mukupa, amene ankakhoma ndowa ndi mbaula pamsika, ankazipangira mafupa a waya.

Mwezi wapitawo anamubweretsera okha mafupawo pageti ya koleji, atavala ovololo yakuda bii ndi mwaye. Mnzake wina anafunsa kuti ndi ndani.

"Ni bamudala chabe ba ku komboni, banipangilako vinthu," Ennie anayankha.

Ba Mukupa anamva. Anavula chipewa, napereka phukusilo ndi manja awiri. "Katundu wanu uyu, madamu." Kunyumba sanaitchulepo nkhaniyo. Patatha milungu iwiri anagwa pamsika, nyundo ili m'manja, ndipo sanadzukenso.

"Batata bang'ono," Ennie anatero tsopano, "nipempako chabe musegule bokosi nione."

"Iwe wa ku koleji, nyundo uzachita nayo chani?"

"Nione chabe."

Ba Chisala anatsonya, nakankha chivundikiro. Pamwamba pa mapulayala ndi tchizulo panali kanthu kokulungidwa m'kansalu koyera. Anakamasula. Linali dzanja la waya laling'ono ngati bokosi la machesi, la zala zinayi. Chala chachikulu chinali chisanalumikizidwe.

"Vidoli! Mukulu wanga anali kutaya nthawi na vidoli?"

Anapinda chala chimodzi monyoza. Chinakhala pomwe anachisiya. Anapinda china, kenako china, mpaka kadzanjako kanafumbata. Anakatembenuza padzuwa.

Ennie anagwada pafupi ndi mphasa.

"Amayi, tsiku lija batata banabwela ku koleji..."

"Niziba tsiku lija."

"Banakuuzani?"

"Banabwela bosekelela. Ati, mwana wanga nimupeza pakati pa banzake bambiri, bonse bamvela yeve. Ati, uja azafika kutali." Mayiwo anamuyang'ana. "Kunali vina?"

Ennie anaphimba nkhope ndi manja. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanafunsenso.

"Nanga uyu ulusi ni wa chani?" anafunsa Ba Chisala, mawu atatsika. Nsonga ya chala chilichonse inali yokulungidwa bwinobwino ndi ulusi wa buluu.

"Banaona vilonda pa vala va mwana pamene anali kubaikila tiyi," anatero mayiwo. "Waya unali kumulasa. Ulusi munyumba munalibe, ndiye banasomola ku juzi yao ya kukwaya."

Juziyo inali m'thumba la zovala zimene Ba Chisala ankatenga. Anaitulutsa, naitambasula. Mkono wakumanzere unali waufupi kuposa wakumanja, ndipo kumapeto kwake kunali kamfundo kothina, komangidwa mosamala kuti isapitirire kusomoka.

Anaipinda pang'onopang'ono, naika kadzanja kaja pamwamba pake. Kenaka anachotsa chipewa, nazitula zonse pamaondo a Ennie ndi manja awiri.