Mwala wa pa Kansungwi

"Ababa, madzi amadziwa bwanji kuti awa ndi a ku Malawi, awa ndi a ku Zambia?"

Luwiza anafunsa zimenezi ali mwana, ataima ndi bambo ake, a Cyprian, pamsana pa phiri kumtunda kwa Kachebere. Iwo anangothira pansi madzi a m'chigubu, ena n'kutsikira kum'mawa kolowera ku Bua, ena kumadzulo.

Tsopano panali patapita masiku anayi a Cyprian ataikidwa m'manda. Harold, mchimwene wake wa Luwiza, anali atagwirizana kale ndi mlimi wa fodya wa ku Mkanda zomugulitsa munda wa kuphiri. Anati amayi miyendo inatha, iye amakhala ku Lilongwe, azilima ndani? Wogulayo ankafuna kasupe wa Kansungwi wa m'mundamo, amutchinge ndi waya, azithirira nazale. Luwiza anakumbutsa kuti dimba lake limamwa komweko. Harold anati bambo anasiya mundawo m'manja mwake. Amayi awo anangoyang'ana kukhoma, mpango wakuda uli kumutu.

M'mawa mwake Luwiza anakwera phiri, akutchula chamumtima mayina a makwawa monga ankawatchulira bambo ake: Kadzombe, Mphandamitsi, Chimwankhwali. Mayina awiri anamuthawa. Panalibenso woti n'kumufunsa.

Pakasupe anapeza a Anastazia, mayi wamasiye wa tsidya la malire, amene dimba lawo linali kuseri kwa lake. Ankachotsa masamba pa mwala wosalala woimikidwa pakati pa ngalande, wogawa madziwo pawiri. Iwo anafotokoza kuti kale madzi onse ankatsikira ku Malawi. Chaka chimene amuna awo anamwalira, a Cyprian anatulukira ndi mwalawo paphewa kuti madzi ena azitsikira kudimba la mayi wamasiyeyo. Chilimwe chilichonse ankabwera kudzauwongola, kunyumba osanenako kanthu.

"Munda wapita, amayi," anatero Luwiza. "Lolemba abwera ndi waya. Ine mawu anga sanamveke."

Anagwada, nakankha mwalawo pang'ono mpaka timitsinje tiwirito tinalingananso. A Anastazia anaviika manja m'madzi.

"Kumunsi kwathu kuli kachitsime kena," anatero kenako. "Madimba awiri sikangathirire ayi, ngakhale limodzi ndikukayika. Koma kumwa tizimwa. Waya akamanga, uzibwera ndi ndowa yako, mwanangu. Woyamba kutunga uzikhala iweyo."