Zithunzi Zinayi za a Fainess

Masiku atatu otsatizana Lestina, mphunzitsi watsopano pasukulu ya pa esiteti, ankaima kumapeto kwa mzere wa tiyi ndi kamera yakale yachitsulo, n'kujambula a Fainess akuthyola. Anthu anali ambiri m'mundamo, koma iye ankaloza a Fainess okha.

Mphekesera zinali zitawanda kuti kukubwera makina othyolera tiyi, ndipo oyamba kuchotsedwa adzakhala olemera manja. Tsiku lachinayi ataweruka, a Fainess analunjika kunyumba kwa mphunzitsiyo osapita n'kwawo komwe.

"Aphunzitsi, wakutumani ndani?"

"Palibe, mayi. Ndikuyesa mafilimu a m'kameramu."

"Kuyesera pankhope yanga? Foni mulibe?"

Lestina anawalowetsa m'bafa lomwe zenera lake anatchinga ndi bulangete. Munkanunkha ngati viniga. Pashelefu panali mabotolo awiri, ndipo pachingwe panapachikidwa zithunzi zinayi zakuda ndi zoyera.

"Ndili ndi mafilimu awiri," anatero Lestina. "Ya 400 imagwira ngakhale kuli nkhungu, koma chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga. Ya 100 imafuna dzuwa, koma imasalala. Mankhwala otsukira nawonso ndi awiri: awa amakulitsa timadonthoto, awa amatichepetsa. Kuti ndione zogwirizana, ndimayenera kujambula munthu mmodzi, malo amodzi."

"Nanga bwanji ine?"

"Mzere wanu ndi umene uli pafupi ndi msewu."

A Fainess anayandikira chingwe. Pachithunzi choyamba nkhope yawo inali ngati yowazidwa phulusa, dengu kumsana likungooneka mbuu. Chachinayi chinali chosalala moti ulusi wa chigamba cha paphewa unkaoneka.

"Ichi ndiye ndasankha," anatero Lestina monyadira. "Ya 100 ndi botolo lachiwirili, osasungunula ndi madzi."

A Fainess anayang'ana dzanja lawo pachithunzipo. Lamulo la kapitawo ndi kuthyola masamba awiri ndi kansonga basi. Pakati pa zala zawo panali masamba anayi, lina lokhwima, mitsempha yake yochita kuwerengeka.

"Chimenechi wachiona ndani?"

"Inu nokha."

"Kumaofesi simunapite nacho?"

"Ndikatani nacho kumaofesi, mayi?"

A Fainess anamuyang'ana nthawi yaitali. Mtsikanayo ankaoneka kuti sakudziwa kanthu za masamba, komatu otumidwa amaonekanso choncho. Anachotsa chithunzicho pachingwe, n'kuchipinda kanayi.

"Cha mchengacho sungani. Ichi ndatenga. Ndipatseninso chimene chimabala zimenezi."

Lestina anazengereza, kenako anatenga sizasi, nadula kachidutswa ka filimu n'kupereka ndi manja awiri. A Fainess anakayang'ana pakhomo powala, koma sanathe kuzindikira ngati kanali komweko kapena kena.

M'mawa mwake anapempha a Jonas, kapitawo wawo, kuti awasinthire kumunda wa kutsidya kwa dambo. Atafunsidwa chifukwa, anangoti mzere wakumsewu uli ndi fumbi.