Mayi Wakumtunda M'dzenje la Kumunsi

Amuna anga, malemu a Chikhasu, sankaika matumbo a mbuzi m'beseni limodzi. Ankawayendetsa m'zala n'kudula: akumtunda paokha, akumunsi paokha. Atamwalira ndinatsala kwawo ku Dowa, kumene ananditengera chitengwa. Alamu anga sankandithamangitsa, komanso sankandilankhula.

Ndinalota a Chikhasu atabwera ndi epuloni yawo ya magazi, n'kutsegula chitseko cha kuchipinda. Kuseri kunali msewu wofiira, wonyowa, wozungulira ngati payipi.

"Vulani nsapato, Nambewe," anatero. "Muno ndi m'mimba mwanu."

Pansi ponse panali maenje, ndipo m'dzenje lililonse munali mayi akuumba ana. Anawo ankakwera khoma akugwira ntchito, akafika pamwamba n'kuthothoka ngati masamba. Amayiwo sankawayang'ana. Ankangoumba ena.

Ana a kufupi ndi chifu ankatola chitsulo chopangira magazi m'zakudya. A patsogolo ankawola mafuta ndi shuga. A kumapeto ankabweza ndulu kumene inachokera. Palibe ankakhudza ntchito ya mnzake.

Tinadutsa kachitseko kolowera kumunsi, ndipo kanadzitseka tili mkati. Uko kunali dziko la madzi, ana akutunga mwakachetechete. Koma ana a dzenje limodzi ankakwera atatambasula manja, kudikira chitsulo chimene sichifika kumeneko. Ankathothoka manja ali chitambasulire.

"Mayi wa m'dzenje ili anachita kubwera naye," anatero a Chikhasu. "Ndi wakumtunda."

"Sangaphunzire za kuno?"

"Amayesa. Manja ndi amene amakana."

Ndinasuzumira. Mayiyo anavala chitenje chimene ndinavala pa maliro awo. Pachala chake panali chipsera changa cha chikwakwa.

"Mbuzi munkazilekanitsa bwino, a Chikhasu," ndinatero. "Ine ndekha ndiye munandiika m'beseni la eni."

Anapukuta mpeni pa epuloni. "Kachitseko kaja sikabweza munthu."

"Inu munafa. Za kubwerera musiyireni wamoyo."

Ndinalowa m'dzenjemo n'kumunyamula mayiyo. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinamubereka kumsana, iye akuumbabe, dothi likundigwera m'khosi. Ndinakankha kachitseko ndi phewa. Sikanatseguke. Ndinakankhanso.

Ndinadzuka phewa likuwawa. Panja alamu ankasesa pakhomo pawo, tsache likulekezera pamalire a bwalo langa monga mwa masiku onse.

Ndinalonga zitenje, mbale ziwiri ndi chikwakwa m'chikwama. Mpeni wa malemu ndinausiya pakhonde, poonekera. Basi ya ku Ntcheu, kwathu, imadutsa dzuwa lisanatenthe.