Tsamba Limene Fexon Anatseka

Mwamuna akabisa chinthu, woyamba kumubisira amakhala mkazi wake. Koma Fexon, mwini boti la injini lonyamula katundu pakati pa Mbamba Bay ndi Liuli, anachita zachilendo. Anabisa chinthu, kiyi wake n'kupatsa mkazi yemweyo. Izi n'zimene zinamusowetsa mtendere Eunice milungu itatu yathunthu.

Loweruka lina masana Fexon anabwera ndi Jackline, mtsikana wa pashopu ya fotokope kufupi ndi msika. Anamuikira patebulo laputopu imene mwana wawo Pendo anawasiyira kuti azionerapo nkhope ya mdzukulu ku Songea. Jackline anaikamo pulogalamu yotsekera masamba a pa intaneti. Pofika polemba dzina la tsamba loti litsekedwe, Fexon anauza mtsikanayo kuti ayang'ane kumbali, n'kujompha yekha ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Pofika pa mawu achinsinsi, anaitana Eunice kuchoka pambaula, iye n'kutembenukira kukhoma.

"Lembani mawu oti ine sindingawaganize, mayi a Pendo," anatero Fexon. "Ndikadzapempha, ngakhale ndigwade, musadzandiuze. Inunso musadzatsegule. Mwalonjeza?"

Eunice analonjeza, n'kulemba dzina la galu wa kwawo ku Nkhotakota amene anafa iye ali mtsikana. Pakamwa panalonjeza, koma mtima unali utayamba kale kusuzumira.

Kodi bambo wa imvi m'ndevu, mkulu wa mpingo, angadzitsekere chiyani? Juga ya mpira? Fexon sankadziwa ngakhale kuti timu imakhala ndi anthu angati. Zithunzi za akazi osavala? Munthu wake ankapotoza khosi akadutsa pamene amayi akusamba, mpaka tsiku lina anagunda ngalawa ya eni ake. Komabe Eunice ankakumbukira kuti kwa miyezi yambiri, akabwera kogula usipa, ankapeza mwamuna wake ataweramira laputopuyo, ndipo akangomva mapazi ankaitseka phwa!

Chaka chimenecho boti linkangokhala pamchenga. Chiyambire pamene mwera unaligudubuza chakufupi ndi Liuli, n'kumiza Samwel, mnzake amene anayenda naye zaka khumi ndi zisanu, Fexon ankati injini yavuta. Lero injini, mawa mafuta, mkuja injini yomweyo. Amalonda anatopa naye n'kumapereka katundu wawo kwa ena. Koma tsamba lija litangotsekedwa, bambo uja anameta, anapaka boti penti, anayamba kuimba mluzu posamba. Mwamuna akayamba mluzu popanda chifukwa, chifukwa chilipo.

Rozalia, mnzake wa pathandala loyanikapo usipa, sanachedwe kuweruza. "Ni mwanamke, shoga yanga, ndi mkazi ameneyo, mnzanga. Anali wa pa intaneti, tsopano wapeza wa pafupi. Iwe ukusunga kiyi wa nyumba yopanda kanthu."

Mawuwo anamupweteka Eunice, chifukwa mwamuna wake ankamukonda, ndipo kuno kuchilendo, kutsidya kwa nyanja, analibe nkhoswe yokadandaulira. Anati safunsa anadya phula, n'kumufunsa Fexon maso ndi maso. Yankho linali limodzi: "Munalonjeza."

Lolemba m'mawa anakulunga laputopu m'chitenje, n'kuibisa pansi pa beseni, ulendo wa kwa Jackline.

"Mama Pendo, kiyi ndi wanu," anatero mtsikanayo, "koma nkhani ikavuta, ine simunandione."

Eunice analemba dzina la galu lija. Pamndandanda wa zotsekedwa panali tsamba limodzi lokha. Jackline analitsegula, Eunice atatsinzina diso limodzi, lina lili tong'o. Panatuluka mapu a nyanja, ndi timivi tambirimbiri toyenda ngati nyerere, pena pobiriwira, pena pachikasu.

"Nanga mkaziyo ali pati?"

"Hakuna mkazi, mama," Jackline anaseka. "Iyi ndi mphepo. Pobiriwira ndi bata, pachikasu yayamba, pofiira ndi yoopsa."

Eunice anayandikiza mpando. Ndani amaiona mphepo isanabwere? Amaiyeza ndi chiyani, ali kuti? Bwanji mivi ina ikukhota pa Likoma? Jackline anayankha zimene ankadziwa, zina n'kungoti ndi makina a kumwamba. Kenako anamuonetsa pamene laputopu imasunga mbiri ya masamba otsegulidwa. Tsamba lomwelo, lomwelo, lomwelo. Tsiku lina Fexon analitsegula maulendo makumi anayi.

Apa Eunice anagwidwa manyazi, manyaziwo n'kusanduka chisoni. Injini sinavutepo. Mwamuna wake, amene kale ankadziwa mphepo pongoyang'ana mitambo ndi kayendedwe ka mafunde, ankakhala m'nyumba kudikira tsiku lopanda kachikasu ngakhale kamodzi, ndipo tsiku lotero panyanjayi kulibe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu anadzitsekera yekha kuti mantha amusiye.

"Mukhozanso kuona za mawa," anatero Jackline, akukoka kamzere ka m'munsi.

Nyanja yonse, kuchokera ku Mbamba Bay mpaka kupitirira Liuli, inasanduka yofiira. Ndipo mawa lakelo, Lachiwiri, ndilo tsiku limene Fexon anapangana kunyamula malata ndi simenti, ulendo wake woyamba m'miyezi isanu.

Njira yobwerera inatalika. Akamuuza, ndiye kuti waulula kuti waswa lonjezo, n'kumubwezeranso munthu m'dzenje limene wangotulukamo. Akakhala chete, mwina Lachitatu adzakhala akumufuna m'madzi monga anafunira Samwel. Beseni linamulemera pamutu ngati muli miyala.

Anamupeza padoko akumanga chingwe cha nangula. Sanazungulire.

"Bambo a Pendo, ndatsegula."

Manja a Fexon anaima. Sanamuyang'ane. Anafunsa chapansipansi, "Mtundu wanji?"

"Wofiira. Mawa lonse."

Fexon anamaliza mfundo yake, n'kuikoka kawiri. Kenako analoza kumwera ndi mlomo. "Taonani uko, mitambo yathothoka ngati nthenga. Ndipo mafundewa akubwera ataliatali pomwe mphepo palibe. Eni malata ndawauza kale m'mawa kuti tinyamuka Lachinayi." Anapumira m'mwamba. "Miyezi isanu yathunthu, mayi a Pendo, sindinayang'ane kumwamba."

Eunice anadikira kukalipiridwa, koma sizinabwere. M'malo mwake Fexon ananyambita milomo, maso ake akuthawathawa. "Nanga Lachinayi munaona mtundu..." Anadzidula yekha, n'kukweza dzanja. "Ayi. Musandiuze."

Eunice anali ataona. Panali pobiriwira, koma chakumpoto kunali kachikasu kakang'ono ngati kadontho ka mafuta. Anakameza.

Mwera unawombadi Lachiwiri, unagwetsa mathandala awiri a Rozalia. Lachinayi kunacha bata, boti linanyamuka litadzaza ndi katundu, Fexon ali chilili kumbuyo. Eunice sanagule usipa tsikulo. Anabwerera kunyumba, nati angoona kamodzi. Kachikasu kaja kanali katasendera pang'ono. Anatseka, anasesa pabwalo, anatsegulanso. Anatsuka mbale zotsuka kale, anatsegulanso. Dzuwa lisanafike pamutu anali atatsegula kasanu ndi kawiri, mtima uli m'mwamba, ndipo mivi ija sinamuuze kuti boti lili pati.

Anakulunga laputopu, ulendo uno osabisa, n'kukaiika patebulo la Jackline.

"Tseka, mwananga. Mawu ake lemba ako, ndipo usadzandiuze."

Jackline anamuyang'ana modabwa. "Ndiye mudzadziwa bwanji kuti baba ayenda bwino?"

"Ndidzadziwa akafika," anatero Eunice.