Mbali Yoti Aime a Kalekeni

"Nanga munthu amene magazi ake ali mbali zonse ziwiri amaima pati?"

Bambo, a Kalekeni, anafunsa tili m'chigafa, maso awo ali pa tsamba la fodya limene ankatambasula pabondo. Amayi anapitiriza kumanga ndindi yawo. Azakhali a Sellah, mlongo wawo wa bambo, anangotsokomola. Ine digiri yanga inali m'sutikesi, m'manja muli fodya, ndiye ndinangopitiriza kusankha masamba.

Loweruka lake kunali mpira kuboma, koleji ya aphunzitsi ndi koleji ya zaulimi. Matimu awiriwa samwerana madzi. Ochemerera Aphunzitsi amaima kum'mawa kwa bwalo, ochemerera Alangizi kumadzulo, ndipo woima pakati amakuwizidwa ndi onse. Mlongo wanga Lemani ndiye womwetsa zigoli wa Aphunzitsi. Steven, mwana wa azakhali, ndi goloboyi wa Alangizi. Onse awiri anali atatumiza mawu kuti bambo abwere.

Kwathu mwana wa mlongo wako ndiye mbumba yako. Steven atasankhidwa kupita kusekondale, anamusenzera katundu ndi bambo. Atathyoka chala, anagona naye kuchipatala ndi bambo. Lemani amalume ake ali ku Joni, moti kukoleji anapita yekha pa kabaza. Sanadandaulepo, koma bambo anali asanamuonepo akusewera.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu," anatero azakhali patapita nthawi. "Anthu akakuonani kum'mawa adzati Steven ndi wa ndani?"

"Eya, poti Lemani ndinabereka ndi mtengo wa muwanga," anatero amayi, osadzutsa mutu.

Lachisanu bambo anavala jekete lawo lopitira kuokushoni, n'kundiitana. "Ezelina, tiye. Fodya sayamikira ali m'belo." Anali atamva kuti matimu onse akakonzekera pabwalo lomwelo, Alangizi m'mawa, Aphunzitsi masana.

Alangizi tinawapeza atayamba kale. Anali anyamata a misinkhu, akatumba ngati agalauza dambo, ndipo sankaseka. Mpira ankaumenya wautali, n'kuuthamangira onse pamodzi, nthaka n'kumamveka kunjenjemera pamene tinakhala. Kenako anayamba kuwombera Steven. Ndinawerenga mipira khumi ndi inayi. Umodzi wokha ndi umene unalowa. Wina unkapita pakona yam'mwamba, koma iye anauluka chammbali, thupi lonse lili m'malere, n'kuukankha ndi nsonga za zala. Msuweni wanga amene amagwetsa makapu kunyumba!

Atatiwona anabwera akupukuta thukuta.

"Amalume, mwafika! Nawenso mkazi wanga wabwera kudzaona mwamuna wako?"

"Ndabwera kudzaona pamene ukagwere mawa," ndinatero.

"Ukamuuze Lemani abwere ndi makwerero."

Bambo anamugwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku monga amachitira ndi tsamba. "Awa ndi masamba apakati," bambo anandiuza, Steven atachoka. "Olemera, amafuta. Ungawapinde bwanji sathyoka."

Tinadya chinangwa pansi pa mtengo wa mthethe kudikira masana.

Aphunzitsi anafika akuimba, ochepa matupi, ena ooneka ngati mphepo ya Juni ingawanyamule. Bambo anapukusa mutu. "Masamba a m'munsi awa, Ezelina. Kuwagwira ndi manja owuma afumbutuka."

Kenako anayamba kupatsirana. Mpira sunkachoka pansi. Unkayenda phazi ndi phazi mwakachetechete, ngati aumanga ulusi, ndipo wopatsira sankayang'ana kumene ukupita. Mnzake ankapezeka ali pomwepo. Ogulitsa nzimbe anasiya kuitanira malonda. Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima, mtolowo uli pamutu, n'kuiwala ulendo wake.

Lemani ndinachedwa kumuzindikira. Kunyumba ndi munthu woyenda chowerama, wolankhula ngati akupepesa. Apa anali ataima njo, akulozera anzake poti aime, iwo n'kumamumvera. Mpira unamupeza atafulatira golo, anthu awiri atamupanikiza. Anaulandira pachifuwa, n'kuutsitsira pabondo, n'kutembenuka kamodzi kokha. Awiri aja anawombana okhaokha. Mpira tinangoumva ukulira muukonde.

Bambo anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Sindikudziwa kuti anachivula nthawi yanji.

"Ameneyu ndi Lemani wathu yemwe uja?"

"Yemweyo, bambo."

"Anaziphunzira kuti zimenezi?"

Ndikanatha kunena kuti pabwalo la kuseri kwa tchalitchi, zaka khumi, iwo akudutsa pomwepo popita kumunda. Ndinangoti, "Kaya."

Lemani anationa mochedwa. Anabwera atabwerera kuwerama kwake kuja, n'kugwira dzanja la bambo ndi manja awiri.

"Mwayenda bwanji, bambo? Steven mwamuona? Ali bwino chaka chino."

"Ndamuona."

"Mukaima kwa iye palibe vuto. Ine ndikumvetsa."

Bambo anamuyang'ana mpaka wenzulo inamuitana Lemani.

Pobwerera, m'minibasi, ndinawafunsa kuti apambana ndani. Anati tsamba lolemera lili ndi ogula ake, lopepuka lilinso ndi ake, ndipo pa zaka makumi atatu zosankha fodya sanaonepo mitundu iwiri yokongola chonchi tsiku limodzi. Kuchokera pamenepo mpaka pa Lisasadzi ankangoyang'ana minda yokolola kale ndi zigafa zodzaza.

Tinapeza amayi ndi azakhali akadali m'chigafa, aliyense kumbali yake. Onse anasiya ntchito. Bambo anavula jekete, n'kulikoleka pamsomali, n'kukhala pa mpando wawo. Anatola tsamba, n'kuyamba kulitambasula.

"Mawa ndikaima kum'mawa," anatero. "Sellah, ndipatsireko madzi owazira fodya."